Kabuleta ya CG125 ya amalume, ndimasule ndekha?

Yamikani: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano, ine ndi watsopano andilowetsa a Kondwani dzulo. Nkhani yanga ndi iyi, amalume anga andisiira njinga yamoto Honda CG125 yakalekale, iwowo anali alangizi a zaulimi cha ku Jali nde atapuma ntchito inangokhala mu kachisakasa kuseri kwa nyumba kuno ku Chinamwali osayenda. Ndathira petulo watsopano, pulagi ndagula yatsopano, ikulira ndithu koma pokhapokha choko, kamkono kothandiza kuliza injini yozizira kaja, ili mmwamba, ndikangotsitsa choko yazima pompo. Komanso ndikasiya tapu ili pa ON pansi pa kabuleta, chida chosakaniza petulo ndi mpweya chija, pakudontha mafuta mpaka fungo nyumba yonse amayi akudandaula. Anzanga akuti kabuleta yada. Funso langa ndingaichotse ndekha? Chibadwire sindinamasulepo njinga yamoto, yakapalasa yokha basi. Ndili ndi sipanala ya 10, ya 12, pulayazi ndi masikuludiraiva awiri, ya sita ndi ya fulati

Gift Kabaza: kkkkk amwene mwayambira pamtima penipeni. Ibweretseni pa Matawale pano anyamata akupangireni, apo ayi gulani ina yatsopano ya ku China mungomangapo basi, ifeyo sititaya nthawi ndi zotsukatsuka, njinga ikaima ndalama yaima

Anaphiri: A Gift musamuopseze mwana. Ine ndayenda pa njinga ya Yamaha AG200 zaka zambirimbiri njira ya ku Kachulu kunyanja ya Chilwa uko, fumbi lake mukulidziwa, kabuleta ndinkatsegula ndekha pansi pa mtengo wa mango azibambo ataima kundionerera. CG ndiye yosavuta kuposa pamenepo. Achimwene mutha, bola phuma mulisiye mnyumba

Che Adamu: Mphwanga usanagwire sipanala yamba waona mafuta amene akuchoka mu thanki. Tseka tapu, chotsa payipi yamafuta kumene yalowera mu kabuleta, uiloze mu botolo loyera la galasi, tsegula tapu pa ON kenako pa RES, ya mafuta a rizevu ija. Undiuze mtundu wa mafutawo komanso ngati akutuluka mwamphamvu kapena akungodontha. Anthu ambiri amatsuka kabuleta bwinobwino mawa lake yadanso chifukwa zinyalala zili mu thanki

Yamikani: Zikomo madala. Payipiyo yauma gwa, ndakoka siikusuntha olo pang'ono

Che Adamu: Usakoke. Kachitsulo kolowetsa mafuta kaja anangokakhomera mu kabuleta, ukakagwedeza kwambiri kamayamba kudontha mpaka kalekale. Finya kawaya komanga kaja ndi pulayazi ukasunthire mmbuyo, kenako upotoze payipiyo uku ndi uku kufikira itamasuka. Ikakana idule ndi lezala motsata utali wake, payipi youma chonchoyo ndi yotaya kale, yatsopano amagulitsa poyeza mu mashopu a masipeya mu tauni

Kondwani Admin: Ndionjezere, ntchito imeneyi muchitire panja achimwene, osati mu kachisakasa, ndipo mbaula ikhale kutali. Injini ikhale yozizira. Wosuta fodya aliyense akaonerere patali

Yamikani: Ndaidula. Pa ON mafuta akubwera bwino ndithu, pa RES ayamba kudontha pang'onopang'ono kenako kwabwera zofiirira, pansi pa botolo pakhala tinthu ngati mchenga komanso pali timadzi tadzipatula pansi penipeni

Che Adamu: Ehee. Dzimbiri ndi madzi. Wakuba wathu wapezeka kabuleta tisanaigwire nkomwe

Bambo a Tadala: Ndilowererepo pang'ono pa nkhani ya madziwo. Petulo amene timagula kuno ku Malawi amasakaniza ndi ethanol, zinayamba kale mu 1982 atatsegula fakitale ku Dwangwa, kenako inabwera ina ku Chikwawa, amapanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe akamapanga shuga. Njinga yoyenda tsiku ndi tsiku ilibe naye vuto petulo ameneyu. Koma ethanol amakoka chinyezi, nde mutenge thanki yosadzadza, muiike mu chisakasa ku Chinamwali munsi mwa phiri, dzinja lathu la Zomba lino kenako chiperoni cha June ndi July, mkati mwa thanki mumachita thukuta usiku uliwonse, madziwo amalemera kuposa petulo amakakhala pansi, chitsulo nkuyamba dzimbiri. RES imatunga pansi penipeni pa thanki nchifukwa chake zoipazo zatulukira kumeneko. Ndipo petulo amene anatsalira mu kabuleta amauma nkusiya zomatamata zimene zimatseka timabowo

Gift Kabaza: Aphunzitsi afika kkkk tulutsani makope. Koma osanamizira ethanol yekha, mafuta a mzigubu aja timagula pa filling station pakauma ena amathiramo palafini ena madzi enieni, ine injini inandigogodera pa Thondwe nditanyamula mayi ndi thumba la chimanga

Bambo a Tadala: Zimenezonso nzoona a Gift sindikutsutsa

Yamikani: Nde ndiyambe thanki kapena kabuleta?

Che Adamu: Zonse uzichita koma lero chotsa kabuleta poti mtima wako uli pamenepo. Tamvera bwino, ndilemba kamodzi maso anga ndi foni sizigwirizana. Imika njinga pa sitandi yapakati pamalo osesa bwino, yala thumba kapena nsalu yoyera pansi kuti kanthu kakagwa ukaone. Chotsa makava a mmbali onse awiri. Jambula ndi foni mbali zonse usanamasule chilichonse, timapayipi tonse tioneke kumene tikupita. Pansi pa kabuleta pali kambale kosungira mafuta, pansi pa kambaleko pali sikuluwu ya fulati, ika chitini umasule mafuta onse atuluke. Ukatero pita pamwamba pamene palowa kebulo ya moto, pali chotsekera chozungulira cha mazinga, chimenecho umamasula ndi dzanja osati pulayazi. Chikamasuka kweza molunjika mmwamba, kutuluka sipuling'i ndi silaidi, kachitsulo kozungulira kokhala ndi singano yaitali kunsi kwake. Singano imeneyo isapindike, isagunde fulemu, isakhudze dothi. Ukulunge zonsezo mu jumbo yoyera uzisiye zikulendewera pa kebulo pomwepo, palibe chifukwa chozipatula lero. Kenako kumbuyo, labala lopita ku bokosi la fyuluta lili ndi kilampu ya sikuluwu imodzi, imasule mpaka izizungulira yokha. Pomaliza manati awiri a 10 akutsogolo amene agwira kabuleta ku injini, uzimasula pang'ono uku pang'ono uku osati imodzi kutheratu

Anaphiri: Che Adamu anena zonse. Changa nchimodzi, pezani thireyi ya mazira yopanda ntchito, chilichonse mwamasula muziika mu kabowo kakekake motsatana, pobwezera mudzangoyambira kumapeto kubwerera. Nkhuku ndi ana zikhale kutali

Mavuto Sadzi: Ine ndimayamba manati, kabuleta ikatuluka mpamene ndimamasula chapamwambacho, pamakhala malo okwanira dzanja

Che Adamu: Iwe unazolowera Mavuto. Wophunzira akayamba manati kabuleta imatsala ikulendewera pa kebulo, chotsekera chikalimba alibe pogwira, amayamba kupotokola zonse pamodzi kebulo nkuthyoka mkati. Ili pa injini imakhala yagwidwa kale

Mavuto Sadzi: Pamenepo ndavomera mjomba

Dalitso Spares: Abale ndili ndi matayala a 18 ndi 17 komanso ma helmet abwino mtengo wokambirana inbox

Kondwani Admin: A Dalitso malonda ndi Loweruka paja tinagwirizana, pano tikuthandiza munthu

Yamikani: Silaidi yatuluka bwinobwino ili mu jumbo. Manati ndachotsa onse. Koma kabuleta siikutuluka, kutsogolo yakodwa pa mabawuti awiri aja kumbuyo labala silikulola, lauma ngati pulasitiki. Ndilowetse sikuludiraiva nditeme?

Anaphiri: Ayi ayi ayi chonde. Mukatema ndi sikuludiraiva pakati pa kabuleta ndi injini mukanda pamene pamakhala O-ring, kalabala kozungulira kotseka mpweya kaja, kabuleta ndi chitsulo chofewa, mukakanda pamenepo izidzaba mpweya moyo wake wonse. Wiritsani madzi kukhitchini konko, nyikani sanza mufinye pang'ono mukulunge labalalo kwa kanthawi lifewe, kenako kankhirani kabuleta mmbuyo ilowe mu labalamo kufikira kutsogolo itavuka pa mabawuti, mukatero muipendeketse ituluke chammbali

Che Adamu: Momwemo. Likakanabe masula mabawuti ogwira bokosi la fyuluta lisunthe mmbuyo pang'ono, kachala kamodzi kokha nkokwana

Gift Kabaza: Amwene pofika pano mukanakhala mutafika kale pa Matawale mwamwa ndi thobwa kkkk

Yamikani: YATULUKA!!! madzi otentha agwira ntchito mayi zikomo kwambiri. Manja akununkha petulo koma mtima uli mmalo

Anaphiri: Mwaona nanga. Tsopano pompano musanachite china chilichonse tsekani bowo la ku injini ndi kansalu koyera, la ku fyuluta chimodzimodzi

Gift Kabaza: Apa pokha ndigwirizane ndi mayi. Mnzathu wina pa siteji anasiya pululu kupita kukadya chips, pobwera kamwana kaponyamo kawashala, iye osadziwa wamanga zonse waponda kiki, phokoso linamveka pamenepo mpaka lero timamuseka, valavu inapindika anachita kutsitsa hedi yonse ndalama ya sabata ziwiri inapita

Yamikani: Ndatseka. Pathupi pake palembedwa KEIHIN. Ndiye kuti ndi yabwino?

Che Adamu: Imeneyo ndiye yake yeniyeni yochokera nayo ku fakitale. Usaitaye, usasinthanitse ndi munthu olo akunyengerere bwanji

Gift Kabaza: Madala ma China aja nawonso amalemba mayina omwewo kkkk

Che Adamu: Amalemba inde koma ukaigwira mmanja umadziwa, mazinga ake, kulemera kwake, mmene silaidi imatsetserekera. Sindikunyoza za ku China, theka la njinga zimene ndimakonza pa Songani pano ndi zimenezo ndipo zambiri injini yake anakopera CG yomweyi, kabuleta yawo ya PZ26 kapena PZ27 imakwana pamabawuti omwewo. Vuto majeti, timikuwa ta timabowo toyeza mafuta, amene imabwera nawo sudziwa kuti anayezera injini iti, ina imamwa mafuta ina imatentha injini, umayamba kusakasaka. Iyi anaiyezera njinga imeneyi. Yangoda basi

Bambo a Tadala: Paja CG125 a Honda anaitulutsa mu 1975 ataona kuti mmaiko ngati athu ano anthu sasintha oilo pa nthawi yake ndipo njinga amaisenzetsa katundu woposa muyeso, nchifukwa chake anaika mapushirodi, tizitsulo tokankha mavalavu, mmalo mwa tcheni cha timing ndi fyuluta ya siponji yochapa nkubwezera. Inapangidwira kuti munthu wamba azikonza yekha

Gift Kabaza: Chabwino mwandipambana, koma ikakanika a Yamikani nambala yanga muli nayo

Yamikani: Vuto lina. Masikuluwu a kambale kapansi, ena amasuka koma imodzi sikuludiraiva ikungoterereka, mutu wayamba kudyeka

Che Adamu: IMA pomwepo usapotozenso

Che Adamu: Yang'ana pamutu pa sikuluwuyo, pambali pa mtanda pali kadontho kokhomedwa?

Yamikani: Eya kalipo kakang'ono

Che Adamu: Amenewo ndi masikuluwu a chi Japan, amati JIS. Amaoneka ngati sita wamba koma mtanda wake ndi wosiyana pang'ono, sita yogula pamsika siikhala pansi penipeni nde ukapotoza imakwera nkudya mutu. Njinga zakale za Honda, Yamaha, Suzuki zonse ndi choncho, nchifukwa chake ukaona njinga yakale masikuluwu ake onse ndi odyeka. Chita izi. Ika kabuleta chadodolido pa thabwa, wina akugwirire. Sankha sikuludiraiva imene ikudzadza mtandawo osati yaing'ono, ngati nsonga yake ndi yosongoka kwambiri ipale pang'ono pa simenti kuti ikhale pansi. Iike, menya chogwirira chake ndi hamala kawiri katatu mosapsa mtima, kumenyako kumadula dzimbiri la mmazinga. Kenako tsamira ndi thupi lonse, mphamvu yambiri ipite pokanikiza, yopotoza pang'ono chabe

Mavuto Sadzi: Ikakana gwirani mutuwo chammbali ndi pulayazi yokhoma ija, vice grip, imamasuka. Apo ayi chekani mzere ndi sowo ya zitsulo isanduke ya fulati

Anaphiri: Ndipo musamenyere pa timapayipi kapena pa mkono wa choko, thabwa ligwire thupi la kabuleta

Yamikani: Yalira kuti tswa nkumasuka. Ndinadontheza kaye ka oilo ndikudikira kenako hamala. Eish thukuta

Yamikani: Abale mkatimu muli zoopsa. Pansi pa kambale pali matope ofiira, mmbali zobiriwira zomata, fungo lake si la petulo ayi likununkha ngati vanishi

Che Adamu: Ndi petulo wakale ameneyo. Gasiketi ya kambale yatuluka yamoyo?

Yamikani: Ndi ya labala yakhalira mu kamzere kake siinaduke

Che Adamu: Isiye momwemo usaikoke, ndipo mankhwala otsukira kabuleta a mu chitini aja asaikhudze imafufuma osabwereranso mu mzere. Tsopano uona fuloti, timabulo tiwiri toyandama togwidwa ndi kapini. Kankha kapiniko ndi kamsomali kakang'ono mofatsa, timiyendo togwira kapiniko tikathyoka kabuleta yatha palibe kuwotcherera. Fuloti ikatuluka ibwera ndi kanidulo kakafupi kosongoka kunsonga. Kameneko ndi kamene kamatseka mafuta kambale kakadzadza, kudontha kwako kuja kukuchokera pamenepo, mwina kachinyalala kakhala pampando pake kapena nsonga yadyeka mzere kuzungulira. Fulotiyo uigwedeze pafupi ndi khutu, ukamva mafuta mkati yabooka

Anaphiri: Muonenso kapayipi kamkuwa koima mkati mwa kambale, kotayira mafuta akasefukira. Kamang'aluka mmbali nthawi zina, munthu nkusintha nidulo kawiri konse kudontha osatha. Thirani petulo mu kambale muli nako mmanja muone ngati pansi pakunyowa

Yamikani: Fuloti ilibe kanthu mkati, kapayipi kali bwino. Nidulo nsonga yake ndi yakuda ya labala ikuoneka yosalala koma pampando pake panali kachidutswa ka dzimbiri kooneka ndi maso

Che Adamu: Basi kudontha kwatha kumeneko. Tsopano majeti. Pakati pali yaikulu, main jet, pambali pake mu kadzenje muli yaing'ono yowonda, pilot jet ena amati slow jet. Yaing'onoyo ndi imene imadyetsa injini pa idling, ikamalira yokha osapatsa moto, ndi pamene wangoyamba kupatsa moto, ikatsekeka njinga imalira ndi choko yokha monga ikuchitira yakoyo. Fulati yake ikwane bwino mu mzere, mkuwa suchedwa kuphwanyika. Ukaichotsa uyang'anire kudzuwa, uyenera kuona kakuwala kozungulira

Yamikani: Yaikulu kuwala kukuoneka. Yaing'ono mdima wokhawokha

Gift Kabaza: Singano yosokera amwene, kubaya kamodzi yatseguka

Che Adamu: Gift ndidzakulanda foni. Singano ndi chitsulo cholimba, jeti ndi mkuwa, ukabaya bowo limakula ndipo silibwereranso, njinga imayamba kumwa mafuta pulagi kuda sabata iliyonse mwini wake osadziwa chifukwa. Nambala yalembedwa pa jetiyo ndi muyeso wa bowolo, si yokongoletsa

Gift Kabaza: Koma pa siteji timapanga daily madala ndipo zikuyenda

Che Adamu: Zikuyenda nkumabwera kwa ine kudzadandaula kuti lita siikufika pa Namadzi

Mavuto Sadzi: kkkkkkkk a Gift khalani pansi

Anaphiri: Inyikeni mu petulo woyera kapena thinara kwa ola limodzi kapena kuposa, majeti okhaokha opanda labala. Kenako senda waya wamagetsi wofewa uja mutengepo kaulusi kamodzi ka kopa, kameneko nkofewa sikakulitsa bowo, mulowetse mozungulitsa osakakamiza. Timabowo ta mmbali mwa jeti musatiiwale. Pomaliza mpope wa njinga yakapalasa upemerere, kapena pitani kwa okonza matayala akupemerereni ndi kompuresa koma mugwiritse, ikauluka simuipezanso

Bambo a Tadala: Osapemerera ndi pakamwa chonde, petulo ndi poizoni komanso akalowa mmaso mudziwa

Yamikani: Nanga masikuluwu awiri ali kunja kwa thupi, ina ili ndi sipuling'i yoonekera ina yabisala cha kutsogolo, ndichotse?

Che Adamu: Ya sipuling'i yoonekera ndi ya idling, imangokweza ndi kutsitsa silaidi, isiye. Inayo ndi yosakaniza mafuta ndi mpweya, njira yake imalumikizana ndi jeti yaing'ono ija nde mpofunika kutsukamo. Koma usanaichotse uimange kaye kulowa mkati pang'onopang'ono ukuwerenga, hafu, imodzi, imodzi ndi hafu, mpaka itagunda mopepuka. Mopepuka ndati, nsonga yake ndi yowonda ukalimbitsa imathyokera momwemo. Lemba nambalayo papepala. Pobwezera udzamanga mpaka kugunda nkubweza mmbuyo nambala yomweyo. Zambiri zimakhala pakati pa imodzi ndi hafu ndi ziwiri ndi hafu. Mkati mwake muli kasipuling'i, ndipo zina zimakhala ndi kawashala ndi ka O-ring kochepetsetsa, timakanirira mdzenjemo nkudzagwa ukupemerera, uchitire pamwamba pa nsalu

Bambo a Tadala: Kadziwitso kena, sikuluwu imeneyi ikakhala mbali ya ku injini imayeza mafuta, kumasula ndi kuonjezera mafuta. Ikakhala mbali ya ku fyuluta imayeza mpweya, kumasula ndi kuonjezera mpweya. Ndipo mukadzaichuna muchunire kuno kumunsi kumene muziyenda masiku onse. Tauni yathu ili pa mamita cha mma 900 pomwe nsonga za phiri zimapitirira 2,000, mukakwera ku Ku Chawe mpweya umachepa njinga imalemera pang'ono, si kuti yaonongeka ayi musakayambe kupotoza masikuluwu kumeneko

Yamikani: Ndawerenga, ziwiri ndendende. Ndalemba pakhoma ndi khala kkk pepala lisowa

Kondwani Admin: Amayi akaona khomalo musatitchule ife

Yamikani: Mwadzuka bwanji akuluakulu. Majeti anagona mu thinara, mmawa uno kawaya ka kopa kadutsa, kuwala kukuoneka tsopano kakang'ono zedi sindimayembekeza kuti bowo lake nlochepa chonchi. Ndapemerera njira zonse ndi mpope. Thanki ndachotsa ndatsukuluza ndi petulo, fyuluta ya siponji ndapeza yafumbwa ikungoyoyoka mmanja

Che Adamu: Tadzuka. Siponji imeneyo usaibwezere, zidutswa zake zikathera mu kabuleta yomwe watsukayo. Gula ina, uinyowetse ndi oilo wa injini pang'ono nkufinya. Thanki kutsukuluza kokha sikuchotsa dzimbiri, ponyamo manati akale odzadza dzanja ndi palafini, uwawerenge polowetsa, gwedeza mpaka mikono iwawe, khuthula, bwereza mpaka zotuluka ziyere, manati atuluke onse, uiumitse padzuwa. Tapu nayo imasule ili ndi kasefa. Ndipo pa payipi yatsopanoyo ika kafyuluta kamafuta koonekera mkati kaja, nkotchipa

Anaphiri: Musanamange kambale yesani nidulo. Lumikizani kapayipi koyera polowera mafuta mupemereremo mofatsa, kabuleta ili chilili mpweya uzidutsa, mukaitembenuza chadodolido fuloti ikhale pa nidulo mpweya usadutse. Ikatero ndiye kuti yatseka

Yamikani: Yatseka mayi. Ndamanga, kabuleta yabwerera pamalo pake, nsalu zotsekera zija ndachotsa zonse ziwiri. Koma silaidi ikukana kutsika, ikufika pakati nkuima, chotsekera sichikufika pa mazinga

Che Adamu: Usakanikize. Itulutse uione bwino. Mbali imodzi ili ndi mzere wautali kuchoka pamwamba mpaka pansi, mbali inayo kamphako kakafupi kotsetsereka. Suzumira mu kabuleta uona kapini kotuluka mkhoma, mzere wautaliwo ulowe pa kapiniko, kamphako kakafupi kakakumane ndi sikuluwu ya idling. Kunsi kwa silaidi mbali imodzi anaidula mopendekeka, mbali yodulidwayo iyang'ane kumbuyo ku fyuluta. Singano ilowe pa bowo lake lapakati yokha osaikakamiza

Mavuto Sadzi: Imeneyi ndi imene imagwetsa anthu. Silaidi ikakhala mmwamba ukangoponda kiki njinga imalira moto wonse, ikakhala mu giya ndiye ulowa nayo mu mpanda wa aneba

Che Adamu: Nchifukwa chake usanalize upotoze moto nkusiya, kangapo, handulo ili kumanja, ili pakati, ili kumanzere. Nthawi iliyonse uzimva kuti tha, silaidi yagunda pansi. Osamva tha osaliza

Yamikani: Yalowa, tha akumveka mbali zonse. Ndatsegula tapu ndadikira, pansi pouma palibe dontho

Gift Kabaza: Pondani amwene tonse tili pano, ine mpaka ndakana pasenja

Yamikani: YALIRA ABALE!!! Choko ndatsitsa ikulirabe yokha!! Amayi atuluka mnyumba akuti amayesa amalume abwera

Anaphiri: Mwaitha achimwene, ndanyadira

Gift Kabaza: Ulemu wanu amwene ndavula chipewa. Mawa pa siteji tikupatseni bibu kkkk

Bambo a Tadala: Mukayenda nayo ndithu mudzachotse pulagi muone nsonga yake, ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka zili bwino, yakuda mwaye mafuta achuluka, yoyera mbee mafuta achepa ndipo zimenezo nzoopsa ku injini

Yamikani: Koma pali kanthu kamodzi. Itatentha ndikapatsa moto nkusiya siikutsika msanga, imakhala kaye pamwamba kenako nkumatsika pang'onopang'ono, nthawi zina idling imakwera yokha. Kebulo siikukodwa ndaonanso

Che Adamu: O-ring ya kutsogolo pakati pa kabuleta ndi injini unasintha?

Yamikani: Ayi ndabwezera yomweyo, inali yophwatalala koma yosaduka

Che Adamu: Ndi imeneyo, ikuba mpweya. Ukafuna kutsimikiza ilize pa idling upopere pang'ono mankhwala otsukira kabuleta polumikizira pamenepo, kulira kukasintha ndiye pompo, koma samala ekizozi ndi yotentha. Usalimbitse manati poganiza kuti utseka, upinda makutu a kabuleta vuto nkukula. Usathirenso silikoni, petulo amaisungunula nkukatseka jeti yomwe ija. Ndipo usayende nayo chonchi, injini yoba mpweya imatentha

Mavuto Sadzi: Onaninso labala la manifodi lomwelo ngati lilibe ming'alu, pa njinga zokhalitsa limang'aluka kunsi kosaoneka

Anaphiri: Komanso poti yakhala nthawi yaitali, oilo musinthe, mabuleki ndi matayala muone musanatulukire mu msewu wa M3, malole a pamenepo sacheza

Yamikani: Ndamva zonse. Nde ndiichotsenso kabuleta?

Che Adamu: Manati awiri aja ndi kilampu basi, chapamwamba ukhoza kungomasula monga poyamba, pano njira ukuidziwa. O-ring yakaleyo uike mthumba ubwere nayo kuno tidzayezere, ndili nazo zamasaizi angapo. Njinga isiye kunyumba

Gift Kabaza: Ndili ndi pasenja wa ku Domasi mmawa ndidutsa pa Chinamwali cha mma 7, mudikire pamsewu pafupi ndi msika ndikutsitsani pa Songani. Helmet yachiwiri ndilibe mubwere ndi ya amalume

Yamikani: Ilipo koma galasi lake linasweka. 7 koloko mundipeza pamenepo